Mawu akuti responsive

Akatswiri a kompyuta akamati fomu ndi responsive, amatanthauza kuti imadzikonza yokha molingana ndi kukula kwa sikirini. Mawuwa anatchuka mu 2010 Ethan Marcotte atalemba za kapangidwe ka masamba a pa intaneti.

Kalaliki wa ku Nkana West, ku Kitwe, akatsegula fomu yotere pakompyuta ya muofesi, mabokosi a dzina, nambala ya chiphaso cha NRC ndi adiresi amandandalikana chopingasa. Akaitsegula pafoni, mabokosiwo amasanjikizana chotsika, batani lotumizira n'kukula kuti chala chisaliphonye. Zimatheka, mwa zina, chifukwa m'lifupi mwa bokosi amayeza ndi maperesenti, osati ndi mapikiseli oikiratu. Ine ndimati wopanga fomu aziyamba kuiyesa pafoni, poti ndiyo ili m'matumba mwa anthu ambiri.