Mbiri ya Mabatani Atatu Odzutsira Kompyuta

Chizolowezi chodina pamodzi mabatani a Ctrl, Alt ndi Delete kompyuta ikauma chinayambira ku Boca Raton, m'chigawo cha Florida ku America, kumene kampani ya IBM inkakonzera kompyuta yake ya pa desiki imene inatuluka mu 1981. Akatswiri olemba mapulogalamu a makinawo ankataya nthawi yochuluka, popeza pulogalamu ikakana kuyenda ankayenera kuzimitsa makina n'kuwayatsanso, ndipo akayaka ankayamba ayesa kaye memore yonse, imene ndi malo osungiramo zinthu pamene ntchito ili mkati. Mmodzi mwa akatswiriwo, David Bradley, analemba malangizo ochepa oti makina aziyambiranso popanda kuyesa kumeneko, ndipo anasankha dala mabatani otalikirana kuti munthu asawadine mwangozi ndi dzanja limodzi.

Njirayi anaikonzera anthu a m'kampanimo, koma itadziwika kwa ogula, ntchito yake inasintha kangapo. Mu Windows 3.1 ya 1992 mabataniwa ankapatsa munthu mwayi wotseka pulogalamu imodzi yokha imene yauma, m'malo moyambitsanso makina onse. Mu Windows NT ya 1993 anasanduka khomo lolowera, ndipo chifukwa chake chinali chitetezo: Windows yokha ndi imene imamva mabatani atatuwa, choncho pulogalamu yachinyengo yofuna kuba mawu achinsinsi singadzionetse ngati tsamba lenileni lolowera. Bill Gates ananena ku Harvard mu 2013 kuti kumeneku kunali kulakwitsa ndipo batani limodzi likanakwanira, ngakhale kuti cholinga chenichenicho chinali chanzeru. Patatha zaka zochepa Windows NT itatuluka, kunabwera Task Manager, pulogalamu imene David Plummer analemba ndipo inalowa mu Windows NT 4.0 mu 1996, yomwe imaonetsa mapulogalamu onse amene akuyenda ndi kuchuluka kwa memore imene iliyonse ikudya. Iyi imapezeka kudzera pa mabatani atatu aja, koma imatsegukanso mwachindunji podina Ctrl, Shift ndi Esc.

Chodabwitsa n'chakuti langizo lakale loti makina akavuta azimitsidwe n'kuyatsidwanso linachepa mphamvu mu 2012, pamene Windows 8 inabweretsa njira yoyaka mwachangu yotchedwa Fast Startup. Pa njira imeneyi, munthu akasankha Shut down, kompyuta imasunga pa disiki chithunzithunzi cha mtima wa Windows pamodzi ndi madalaivala, omwe ndi mapulogalamu olankhula ndi zipangizo monga pulinta, ndipo ikayaka imangozitenganso momwe zinalili, n'kutheka ndi vuto lomwelo. Kuyakako kunafulumira kwambiri mwakuti batani la F8, limene kuyambira pa Windows 95 linkatsegula mndandanda wosankhirapo Safe Mode, kumene Windows imayenda ndi zofunikira zokhazokha, linasiya kugwira ntchito imeneyi, ndipo m'malo mwake munthu amagwira Shift posankha Restart. Pa kompyuta imene Fast Startup ndi yoyatsa, Restart ndi imene imayambitsa Windows mwatsopano, osati Shut down.