Kukonza tebulo la database lowonongeka popanda backup

Tebulo la database ndi kaundula wa m'kompyuta wokhala ndi mizere ndi magawo, monga wa odwala kapena wa ana a sukulu. Kawirikawiri limawonongeka magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba, kapena hard disk ikatopa. Kubwezeretsa backup kumataya zonse zimene zinalembedwa backup-yo itatengedwa kale, n'chifukwa chake akatswiri amayamba ayesa kukonza tebulo lomwelo.

Mbiri

Njira zodziwika kwambiri ndi za MySQL, pulogalamu imene inatuluka mu 1995 kuchokera ku kampani ya ku Sweden ya Michael Widenius, David Axmark ndi Allan Larsson. Kwa zaka zambiri MySQL inkasunga matebulo mwa dongosolo la MyISAM, lothamanga koma losachedwa kusokonezeka magetsi akathima. Heikki Tuuri wa ku Finland anapanga lina, InnoDB, limene limayamba lalemba m'buku lapadera chilichonse chimene likufuna kusintha, kotero kuti kompyuta ikayakanso limadzikonza lokha. Oracle inagula kampani ya Tuuri mu 2005. Sun Microsystems inagula MySQL mu 2008, nayonso n'kugulidwa ndi Oracle mu 2010, chaka chimene InnoDB inakhala dongosolo lalikulu kuyambira pa MySQL 5.5. Widenius anali atayamba kale MariaDB mu 2009. Mayina onse awiriwa, My ndi Maria, ndi a ana ake aakazi.

Kakonzedwe

Choyamba amazimitsa seva n'kukopera mafayilo owonongekawo pambali, chifukwa kukonza kumatha kuwonjezera vuto. Pa MyISAM amayatsanso seva n'kulemba CHECK TABLE kenako REPAIR TABLE, kapena amagwiritsa ntchito myisamchk seva ili chizimire. Kukonzaku kumamanganso fayilo ya .MYI, yolozera pamene mzere uliwonse uli, ndipo mizere imene yakanika kuwerengedwa kumaitaya. Pa InnoDB, REPAIR TABLE sigwira ntchito. M'malo mwake amadzutsa seva ndi innodb_force_recovery, kuyambira pa 1 kukwera pang'onopang'ono mpaka 6, n'kutulutsa zotsala ndi mysqldump. Kuyambira pa 4, mafayilo atha kuwonongekeratu.

Ku Lichinga

Magetsi a mumzinda uwu wa ku Mozambique amachokera ku Cahora Bassa kudzera ku Cuamba, ulendo wautali pa nthambo, choncho kukhala ndi UPS, batire losungira magetsi, pafupi ndi seva si kudzionetsera. Zipatala zambiri za ku Mozambique zimasunga mbiri ya omwe amamwa ma ARV mu SESP, yomangidwa pa OpenMRS, imene inayamba mu 2004 ndipo imadalira MySQL. Ogwira ntchito m'zipatalazi amasakaniza Chipwitikizi m'zoyankhula zawo: database ndi base de dados, wolowetsa zinthu m'kompyuta ndi digitador, ndipo zikavuta amangoti sistema yagwa. Chochititsa chidwi n'chakuti pepala silinataye ntchito. Wodwala aliyense ali ndi ficha mestra yake mu shelefu, ndipo mizere imene yatayika pokonza, digitador amailowetsanso umodziumodzi, akuyerekeza nambala ya wodwala ya NID ya pa pepala ndi ya pa sikirini.

Kutsidya kwa nyanja, ku Malawi, a Baobab Health, omwe anayamba ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, anapewa vuto la kuthima kwa magetsi poyendetsa makompyuta awo ndi mabatire akuluakulu.

Kumene intaneti ili yodula moti backup satumiza kutali tsiku lililonse, luso lokonza tebulo lingapulumutse ntchito ya masiku angapo.