Mabungwe a Beni Kummwera kwa Niassa

Nyimbo zofuna anthu ambiri ndi zida zambiri sizikhalitsa popanda bungwe losonkhetsa ndalama ndi kusunga mwambo, ndipo n'chifukwa chake magulu a okestra a ku America, omwe amaphatikiza mavayolini, zitoliro ndi malipenga pansi pa wotsogolera mmodzi, adakhazikitsa American Symphony Orchestra League mu 1942. Kummwera kwa chigawo cha Niassa ku Mozambique, ku Mandimba ndi Ngauma, ntchito yofanana nayo idagwiridwa kale ndi magulu a beni, gule wotsanzira perete wa asilikali.

Beni adayambira m'matauni a Aswahili monga Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890, ndipo m'dziko lomwe Ajeremani ankalamulira, lomwe lero ndi Tanzania, adagawika m'mabungwe awiri opikisana, Marini ndi Arinoti. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger, m'buku lake la 1975, adaonetsa kuti mabungwewa adali ndi nthambi m'matauni ambiri, maudindo a mfumu, jenerale ndi kaputeni, komanso thumba la zopereka lothandizira membala pa matenda ndi pa maliro, kotero kuti mlendo wa Arinoti akafika kumalo achilendo ankalandiridwa ndi anzake a bungwe lomwelo. Apa ndi pomwe padagona mphamvu ya guleyu, kuposa pa mayunifomu amene azungu ambiri adangoona ngati chibwana.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse ndiyo idamufalitsa kummwera. Mu Novembala 1917 mtsogoleri wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adaoloka mtsinje wa Rovuma pa Negomano kulowa ku Mozambique, ndipo chaka chotsatira asilikali a Angerezi a King's African Rifles, pamodzi ndi amtengatenga, anthu okakamizidwa kusenza katundu wankhondo, adamutsatira m'dera lomwe linkalamulidwa ndi kampani ya Companhia do Niassa kufikira 1929. Obwerera kwawo adabwera ndi kuguba, wenzulo ndi maudindo aja, ndipo Ayao, omwe malire a pa Mandimba ndi Chiponde adawadula pakati osawalekanitsa pa chibale, adamulandira guleyu mbali zonse ziwiri. M'mbali mwa nyanja ya Malawi Anyanja adakulitsa gule wina wofanana ndi beni wotchedwa mganda, momwe zikho zotsekedwa kukamwa ndi nembanemba ya kangaude zimalira m'malo mwa malipenga achitsulo.

Mgwirizano wa nthambi zija udafooka pang'onopang'ono, ndipo gulu lililonse lidatsala lodzidalira pamudzi pake, kuvina pa zinamwali ndi pa zikondwerero za boma. N'zodandaulitsa kuti pamene bungwe la Kulungwana lidayambitsa Xiquitsi ku Maputo mu 2013, kuphunzitsa achinyamata zida za okestra, ovina beni adali akusonkherabe okha ndalama zogulira zikopa za ng'oma.