Kukumbukira Ruth Cracknell, mayi ake a Arthur

Pa 13 Meyi 2002, mumzinda wa Sydney, mayi Ruth Cracknell anatsikira kulichete ali ndi zaka 76. Papita zaka zoposa 20 tsopano, komabe mukatchula dzina lawo kwa munthu wa ku Australia amene ankaonera kanema m'zaka za m'ma 1980, amayamba wamwetulira kenaka n'kutchula dzina lina: Maggie Beare.

Maggie anali nkhalamba imene mayi Cracknell ankasewera m'sewero lanthabwala la Mother and Son, lomwe analemba Geoffrey Atherden ndipo linkaonetsedwa pa kanema wa ABC kuyambira 1984 mpaka 1994. Nkhani yake njosavuta kuitsatira. Mayi wamasiye wayamba kuiwalaiwala. Mwana wake Arthur, gawo lomwe ankasewera Garry McDonald, banja lake linatha ndipo akukhala pakhomo pa mayi ake n'kumawasamalira. Ntchito yonse ili pamutu pake. Koma mwana wapamtima ndi mkulu wake Robert, dokotala wa mano, amene ankasewera Henri Szeps. Uyu amangozungulirapo mwa apo ndi apo, ndipo zikafika pofuna thandizo sasowa chifukwa chothawira. Aliyense amene anadwazikapo kholo akumudziwa Robert; m'banja lililonse alimo.

Kuseketsa anthu ndi ukalamba wa munthu n'kuyenda m'mbali mwa phompho. Kungopitirira pang'ono, nthabwala zimasanduka chipongwe. Chimene chinapulumutsa seweroli ndi momwe mayi Cracknell anamuumbira Maggie. Woonera sankadziwa bwinobwino ngati gogoyu waiwaladi kapena akungonamizira kuti Arthur asachoke pakhomo. Nthawi ina maso ake ankaoneka a munthu wosochera, wamantha, mpaka iwe woonera mtima n'kukuwawa. Posakhalitsa maso omwewo n'kuthwanima mwaukathyali, n'kuzindikira kuti wapusitsidwa limodzi ndi Arthur. Arthur akati apeze mkazi, mayi ake adwala. Akati akawasiye kunyumba yosungirako okalamba, nzeru zonse zabwerera. Maggie sanali wongomvetsa chisoni ayi. Anali ndi mphamvu, ndipo ankazigwiritsa ntchito mopanda manyazi.

Anthu ambiri amakumbukira gawo la maliro, pamene Maggie anaimitsa mdipiti wa galimoto kuti agule malalanje otchipa, malalanjewo n'kudzagubuduzikira m'manda. Pa pepala zimamveka ngati nthabwala wamba. Chimene chinkathyola anthu nthiti ndi nkhope ya mayi Cracknell, ya munthu amene sakuona cholakwa chilichonse.

Kutchuka koteroko kunawapeza atayandikira zaka 60, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Pofika 1984 anali atagwira kale ntchito ya zisudzo kwa zaka pafupifupi 40. Anabadwira ku Maitland, m'chigawo cha New South Wales, pa 6 Julaye 1925, nakulira ku Sydney. Anayamba ndi masewero a pa wailesi m'zaka za m'ma 1940, kumene wosewera alibe nkhope yomuthandiza koma mawu okha. Mawu awo omveka bwino aja, otha kulamula chipinda chonse popanda kukuwa, anasulidwira kumeneko. Anaseweranso ku Independent Theatre ya Doris Fitton, anakagwirako ntchito ku London, nabwerera kwawo kukasewera zisudzo zonyogodola andale ndi anthu apamwamba ku Phillip Street Theatre. Mu 1957 anakwatiwa ndi Eric Phillips ndipo anabereka ana atatu. Anzawo ambiri a nthawi imeneyo ankapita ku Britain kapena ku America osabwerako. Iwo anasankha kugwira ntchito kwawo.

Pa siteji ankasewera zolemba za Shakespeare ndi za Agiriki akale, ndipo gawo la Lady Bracknell m'sewero la Oscar Wilde, lomwe anasewera limodzi ndi Geoffrey Rush, linkadzaza maholo. Mafilimu sanawapatse mpata wokwanira, kunena zoona. Anaoneka mu The Chant of Jimmie Blacksmith ndi The Night the Prowler, onse a 1978, koma magawo otsogola anachuluka atakalamba: Spider and Rose mu 1994, ndi Lilian's Story mu 1996. Mufilimu yachiwiriyi anasewera Lilian, mayi amene watulutsidwa m'chipatala cha odwala misala atakhalamo zaka 40, n'kumayendayenda m'misewu ya Sydney akulakatula Shakespeare. Toni Collette ndiye anasewera Lilian ali mtsikana. Amene ankangowadziwa ngati Maggie anadabwa. Amene ankawaonera pa siteji sanadabwe n'komwe.

Mu 1998 amuna awo anadwala sitiroko ali kutchuthi ku Venice, ndipo anamwalira atangobwezedwa ku Australia. Mayi amene dziko lonse linkawadziwa ngati wodwazikidwa wovuta anakhala wodwazika, kudziko lachilendo, pakati pa madokotala olankhula chinenero china. Zimenezi anazilemba m'buku la Journey from Venice, lomwe linatuluka mu 2000, patapita zaka zitatu chitulutsireni buku la mbiri ya moyo wawo, A Biased Memoir.

Ulemu anaulandira akadali moyo, zomwe sizichitikachitika. Mu 1980 anapatsidwa mendulo ya Order of Australia, ndipo mu 2001 anakhala mkazi woyamba kulowetsedwa mu Logie Hall of Fame, mndandanda wa akatakwe a kanema m'dzikolo. Mu 2023 ABC inaukitsa Mother and Son, Denise Scott akusewera Maggie ndipo Matt Okine akusewera Arthur. Seweroli lili ndi ubwino wakewake, koma Denise Scott anasenza mtolo wolemera, chifukwa owonera achikulire ankamuyeza ndi muyezo wa mayi Cracknell asanatsegule n'komwe pakamwa.