Muyeso wa chithunzi m'makatuni a ngwazi

Muyeso wa chithunzi, umene pa Chingerezi umatchedwa aspect ratio, ndi manambala awiri osonyeza kutambalala kwa chithunzi cha pa kanema poyerekeza ndi msinkhu wake. Miyeso yodziwika kwambiri ndi 4:3, wa ma TV akale okhala ndi chimsana, ndi 16:9, wa ma TV amakono aphanthiphanthi. Muyesowu ndi wofunika pamene makatuni a ngwazi za mphamvu zodabwitsa akuikidwa pa DVD, pa Blu-ray kapena pa intaneti, chifukwa ukasinthidwa, woonera amatha kumanidwa gawo la zimene ojambula anajambula.

Njira zosinthira muyeso

Chithunzi cha 4:3 sichidzaza TV ya 16:9. Pali njira zitatu zochionetsera. Yoyamba ndi kuchisiya momwe chilili, ndipo kumanzere ndi kumanja kumatsala mizere yakuda. Yachiwiri ndi kuchidula pamwamba ndi pansi, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzicho limatayika. Yachitatu ndi kuchikoka m'mbali. Anthu amaoneka afupi ndi onenepa, ndipo mwezi umafanana ndi dzira. Njira yoyamba yokha ndi imene imasunga chithunzi chonse osachipotoza.

Zitsanzo za ku America

Batman: The Animated Series, imene inayamba mu 1992, inajambulidwa pa muyeso wa 4:3, ndipo itatuluka pa Blu-ray mu 2018 kampani ya Warner Bros. inasunga muyeso womwewo. Teen Titans, ya mu 2003, inayenda mosiyana: ma DVD ake anali a 4:3, koma Blu-ray ya mu 2019 inatuluka pa 16:9. Kusintha kwa nthawi kumaonekanso pa X-Men: ya mu 1992 inali ya 4:3, pomwe X-Men '97 ya mu 2024, imene ikupitiriza nkhani yomweyo, ndi yotambalala.

Ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo

Wailesi ya kanema ya Television Malawi inatsegulidwa mu 1999, nthawi imene ma TV a 4:3 ndiwo anali ofala. M'malo a malonda akumidzi, monga Bwanje m'boma la Ntcheu, ana ambiri amaonera makatuni m'nyumba zoonetsera mavidiyo kapena pa foni, kuchokera pa DVD, pa fulashi kapena pa memore khadi. Kumeneko katuni imodzi imatha kuoneka mosiyana malingana ndi TV komanso momwe woonetsa waitcherera.

Ma DVD ogulitsidwa movomerezeka amakhalanso ndi nambala ya chigawo. United States ili m'chigawo 1, South Africa m'chigawo 2, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique zili m'chigawo 5. Choncho DVD yogulidwa ku Johannesburg ikhoza kukana kuwerengeka pa makina otsekeredwa chigawo china.

Makatuni atsopano ambiri amafika kwa oonera kudzera pa intaneti, atajambulidwa kale motambalala. Chitsanzo ndi Supa Team 4, imene anaiyambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia. Inapangidwa ndi Triggerfish ya ku Cape Town pamodzi ndi CAKE ya ku London, ndipo inatuluka pa Netflix mu July 2023. Nkhani yake ndi ya atsikana anayi oteteza mzinda wa Lusaka wam'tsogolo motsogozedwa ndi Mama K. Katuni yotereyi ikaonetsedwa pa TV yakale ya 4:3, mizere yakuda imabwera pamwamba ndi pansi, apo ayi m'mbali mwa chithunzi mumadulidwa.