Kuchoka pa Kalata Kufika pa Foni ya M'manja: Mbiri ya Mauthenga ndi Umbava wa Mafoni kwa Nyampande

Dera la Mfumu Nyampande, lomwe ndi limodzi mwa madera a Ansenga kum'mawa kwa Zambia ndipo lili mbali ya Petauke yoloza kuchigwa cha mtsinje wa Luangwa, lili ndi mbiri ya zipangizo zamakono yosiyana ndi imene imalembedwa kawirikawiri m'mabuku a ku Ulaya ndi ku America. Kumaiko amenewo anthu anayamba ndi lamya ya m'nyumba, kenaka anagula kompyuta yoika pathebulo, ndipo foni ya m'manja inawapeza atazolowera kale zonsezo, pomwe kwa Nyampande, kwa Sandwe, kwa Kalindawalo ndi kumidzi ya Nyimba monga kwa Ndake ndi kwa Luembe, mabanja ambiri anachoka pa kalata ndi wailesi n'kufikira pa foni ya m'manja popanda choima pakati. Chifukwa cha ichi, foni inasenza yokha ntchito zimene kwina zinagawidwa pa zipangizo zingapo, ndipo ndi pamenepa pamene pagona kulemera kwa mlandu wa kuba foni m'midzi imeneyi.

M'nthawi ya atsamunda, msonkho umene boma linkafuna kwa mwamuna aliyense wamkulu unakankhira anyamata ambiri a Chinsenga kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake ena analowera kumigodi ya mkuwa ya ku Copperbelt. Chingwe chachikulu cholumikiza munthu wotere ndi kwawo chinali kalata, yomwe inkayenda masabata angapo isanafike ku positi ofesi ya pa boma, kumene inkadikiranso munthu wopita kumudzi kuti ainyamule. Popeza akuluakulu ambiri sankadziwa kuwerenga, kalatayo inkaperekedwa kwa mphunzitsi kapena mwana wa sukulu yamishoni, monga za ku Minga, ku Nyanje ndi ku Hofmeyr, kuti aiwerenge mokweza, kotero kuti nkhani ya mwamuna ndi mkazi wake inkadutsa m'kamwa mwa munthu wachitatu. Ndalama ndi nsalu zinkapatsiridwa mnzake wobwerera kumudzi, ndipo munthu amene makalata ake analeka kufika ankawerengedwa m'gulu la matchona, kutanthauza anthu amene anakhazikika kutali osaganizanso zobwerera kwawo.

Chimodzi mwa zipangizo zoyamba zamakono zimene munthu wamba wa ku Northern Rhodesia, dzina la Zambia panthawiyo, anatha kugula ndi ndalama zake chinali wailesi yotchedwa Saucepan Special, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1949. Harry Franklin, yemwe ankayang'anira zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anakopa kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire, ndipo chikombole chake chinali chachitsulo chozungulira chonga sefuliya, komwe kunachokera dzina lake. Inkagulidwa pa mapaundi 5, batire padera, ndipo inkagwira nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka yomwe inali ndi mapulogalamu a m'Chinyanja. Phunziro la wailesiyi linadzabwerezedwa patapita zaka zoposa 50: chipangizo chimalowa m'mudzi ngati chili chotsika mtengo, cholimba, ndiponso chosadalira magetsi a pachingwe.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamya inakhalabe chinthu cha m'maofesi a boma, m'zipatala ndi m'masitolo akuluakulu a pa Petauke, ngakhale kuti mu 1974 Zambia inatsegula siteshoni ya Mwembeshi yolumikizana ndi maiko akunja kudzera pa setilaiti, ndipo mu 1975 inakhazikitsa bungwe la Posts and Telecommunications Corporation loyendetsa makalata ndi malamya pamodzi. Zaka zimenezo ndi zomwenso mtengo wa mkuwa unagwa pamsika wa dziko lonse, ndalama zakunja zinasowa, ndipo katundu wochokera kunja ankalowa movutikira kwambiri. Choncho pamene makompyuta a panyumba anafala ku Ulaya, monga BBC Micro ya mu 1981 ndi ZX Spectrum komanso Commodore 64 za mu 1982, Zambia inali m'nyengo ya mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira. Makina amenewo ankafunanso wailesi yakanema yoonetsera zolembedwa ndi magetsi osadukiza, zinthu ziwiri zimene mlimi wa chimanga, thonje ndi mtedza wa kwa Nyampande analibe. Ngakhale intaneti, yomwe inafika msanga m'dziko muno poyerekeza ndi maiko ambiri a mu Africa pamene kampani ya ZAMNET inabadwa pa University of Zambia mu 1994, inakhala ya ku Lusaka ndi matauni a m'mbali mwa njanji kwa zaka zambiri, pakuti inkayenda pa mawaya a lamya omwe kumidzi kunalibe.

Kusintha kwenikweni kunayamba ndi lamulo la mu 1994 lomwe linagawa bungwe lija pawiri, Zampost kutenga makalata ndipo Zamtel kutenga malamya, n'kutsegulanso khomo kuti makampani ena apikisane nawo. Telecel inayamba ntchito mu 1997 ndipo inagulidwa ndi MTN mu 2005, pomwe Zamcell ya mu 1998 inasintha maina kangapo, kukhala Celtel, kenaka Zain mu 2008, mpaka Airtel mu 2010. Nsanja zoyamba za kum'mawa zinatsata msewu waukulu wa Great East Road, umene umadutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, mphambano ya Petauke, Sinda ndi Katete popita ku Chipata, ndipo midzi yakutali ndi msewuwo inkangolandira nyenyeswa za netiweki, kutanthauza mphamvu ya mafunde imene imalumikiza foni ndi nsanja. M'zaka zimenezo mudzi uliwonse unkadziwa malo ake ogwira netiweki, kaya pachulu, paphiri kapena pansi pa mtengo wina wake, ndipo sizinali zachilendo kuona foni itamangiriridwa ndi chingwe pamtanda wa khonde, pamalo pokhapo pamene inkatha kulira, mwini wake osalola kuti mwana aisunthe ngakhale pang'ono.

Umphawi unaphunzitsa anthu njira zawozawo zogwiritsira ntchito chipangizochi. Tokotaimu, yomwe ndi ndalama yolipiriratu ya mphindi zolankhulira, inkagulidwa pa timakhadi tokala ndi chikhadabo kapena ndalama yachitsulo, ndipo wopanda tokotaimu ankapeja, kutanthauza kuliza foni ya mnzake kamodzi n'kudula kuti winayo aimbe. Mwambo wosalembedwa unali wakuti wa kumudzi ndiye amapeja ndipo wa m'tauni, amene amaganiziridwa kuti ali pantchito, ndiye amaimba. Mafoni a mabatani monga Nokia 1100 ya mu 2003 anakondedwa chifukwa batire lake linkakhala masiku angapo ndipo anali ndi katochi kounikira usiku, ndipo kutchaja kunasanduka malonda a anthu okhala ndi batire la galimoto kapena sola pamisika ing'onoing'ono. Boma linadzathandiza kukankhira netiweki kumadera a mafumu kudzera mu ZICTA, bungwe loyang'anira zamauthenga lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009, poyamba ndi nsanja zoposa 200 cha m'ma 2014, kenaka ndi gawo lachiwiri la nsanja 1,009 lomwe linayambika mu 2017.

Kompyuta yeniyeni inafika kwa ana ambiri a m'derali ngati phunziro la m'kalasi osati ngati katundu wa panyumba. Mayeso oyamba a Giredi 9 a phunziroli, mu 2015, anavumbula poyera kukula kwa mpata umene unalipo, pakuti m'sukulu zambiri za m'dziko lonse ana mazanamazana ankasinthana makina owerengeka, magetsi akuzima, mpaka ena analemba mayesowo usiku. Kafukufuku wa ZICTA wa mu 2018 anapeza kuti mabanja okhala ndi kompyuta sankakwana 10 mwa 100 alionse, pomwe okhala ndi foni ya m'manja anaposa 70 mwa 100. Mnyamata wa ku Nyimba amene analowa pa Facebook koyamba anatero pa foni ya Tecno kapena Itel, ndipo n'zosadabwitsa kuti pulogalamu ya Internet.org, yopereka masamba ena a intaneti mosalipira, inayambira ku Zambia kuno mu July 2014 isanapite kudziko lina lililonse.

Umbava wa mafoni unasintha nkhope pamene ndalama zinalowa m'foni. Airtel Money ndi MTN Mobile Money zitakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, timisasa ta maejenti, anthu olandira ndi kupereka ndalama m'malo mwa kampani, tinadzaza m'misika ya Petauke ndi Nyimba, ndipo mlimi amene sanalowepo m'banki anayamba kusunga ndalama za thonje ndi za soya pa simu khadi, kachidutswa kakang'ono kosunga nambala ya mwini foni. Kale wakuba ankafuna chitsulo chokha kuti akachigulitse, koma tsopano amafunanso zimene zili m'kati mwake, ndipo amathandizidwa ndi chizolowezi cha anthu ambiri chosankha chaka chawo chobadwa kukhala nambala yachinsinsi, kapena chopatsa mdzukulu kapena ejenti foni kuti awadinire manambalawo chifukwa maso afooka kapena kuwerenga kukuvuta. Malo oopsa ndi a chipwirikiti: pokwera basi, pamsika nthawi yogulitsa mbewu, pamaliro pamene anthu amagona pabwalo, ndi m'tinyumba totchajira momwe mafoni ambiri ofanana amaunjikidwa pathebulo limodzi popanda chizindikiro cha mwini. Foni yobedwa imazimitsidwa nthawi yomweyo, simu khadi imatayidwa kapena kuyesedwa pa ndalama, zonse za m'kati zimafufutidwa kwa okonza mafoni osakhulupirika, ndipo ikakanika kutseguka imaphwasulidwa kuti galasi ndi batire zigulitsidwe padera. Msewu wa Katondo ku Lusaka unatchuka m'dziko lonse ndi malonda a mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, ena mwa iwo osadziwika kumene achokera. Pambali pa mbava za manja panabukanso akathyali otumiza mauthenga onamizira kukhala wachibale, ouza munthu kuti ndalama ija aitumize pa nambala ina, ndipo ena mwa amene amagwa mu msampha umenewu ndi makolo amene alidi ndi mwana ku Lusaka woyembekeza thandizo.

Mu 2011 boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake pogwiritsa ntchito chitupa cha unzika, chomwe anthu amachitcha reji, ndipo manambala osalembetsa anadulidwa kumayambiriro kwa 2014. Mu 2021 kunabweranso lamulo lokhudza milandu ya pa makompyuta ndi pa intaneti. Foni iliyonse ilinso ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, yomwe imaoneka munthu akadina *#06# ndipo siisintha ngakhale simu khadi isinthidwe, kotero kuti apolisi, mothandizana ndi makampani a mafoni, angathe kuitsata foniyo ikayatsidwanso. Njira zimenezi n'zabwino, koma zinakonzedwa poganizira munthu wa m'tauni amene ali pafupi ndi polisi ndi ofesi ya kampani, amene anasunga katoni ndi lisiti la foni yake. Mayi wa kwa Nyampande amene anagula foni kwa munthu wodutsa, amene simu khadi yake inalembetsedwa pa reji ya mlamu wake chifukwa tsikulo yake inali kunyumba, sangabwezeretse nambala yake popanda mlamuyo, ndipo ulendo wa panjinga yamoto wopita ku boma ndi kubwerera ungadye ndalama zoyandikira mtengo wa foni yotayikayo. N'chifukwa chake milandu yambiri yotere imathera kwa nyakwawa, kumene wokayikiridwa ngati ndi wa m'mudzi momwemo amauzidwa kubweza kapena kulipa, koma ngati ndi mlendo nkhaniyo imangozirala.

Boma la Lusangazi, lomwe likukhudza dera la Nyampande, litapatulidwa ku Petauke mu 2018, cholinga chinali kufupikitsa mtunda pakati pa anthu ndi maofesi, ndipo nkhani ya mafoni ndi imodzi mwa zimene zikanayenera kupindula msanga ndi kusinthako. Makampani amene amatha kutumiza ogulitsa simu khadi mpaka kumsika wakutali kwambiri sangalephere kutumizanso antchito okonza maina olakwika ndi obwezeretsa manambala otayika, ndipo sukulu zimene zimaphunzitsa ana mbali za kompyuta pabolodi zingawaphunzitsenso kulemba nambala ya IMEI m'kope ndi kusunga chinsinsi cha ndalama za makolo awo. Kufikira zimenezi zitachitika, lamulo lolembetsa simu khadi likutchinjiriza bwino nzika ya ku Lusaka kusiyana ndi mlimi wa kwa Nyampande, ngakhale kuti mlimiyo ndi amene amataya zambiri foni yake ikabedwa.