Subaru: galimoto ya m'matope imene ife tinaisandutsa ya phokoso

Mu Lilongwe muno Subaru imayamba kumveka isanaoneke. Kulira kwake kuja, kokhala ngati mbiriwiri ya gule ikuchokera kutsidya kwa dambo, ngakhale mwana wa ku Kawale wosadziwa kusiyana kwa giya ndi buleki amakuzindikira. Ikangodutsa, mlandu umakhala wagamulidwa kale: mwini wake ndi mfana wothamanga magazi, wosagona pakhomo Lachisanu, yemwe malipiro ake amathera pogula petulo. Ine ndakulira ku Area 23, ndipo ngakhale sindinagulepo yanga, ndakwera ma Subaru a abale ndi anzanga kokwanira. Ndiye lero ndati ndikuuzeni kumene galimotoyi inachokera, chifukwa mbiri yake ikusiyana kwambiri ndi dzina lomwe tinaipatsa kuno.

Nkhani yake inayambira mumlengalenga. Mu 1917 mkulu wina wa ku Japan, Chikuhei Nakajima, anayambitsa kampani yopanga ndege m'dera la Gunma. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse kampaniyi inapanga ndege zankhondo zambirimbiri. Japan itagonja mu 1945 inaletsedwa kupanga ndege, ndipo kampaniyo anaiduladula kukhala timakampani ting'onoting'ono. Akatswiri omwe anazolowera mapiko anayamba kupanga mabasi komanso kanjinga kamoto kotchedwa Rabbit. Mu 1953 makampani asanu mwa iwo anagwirizana n'kupanga Fuji Heavy Industries.

Mukaona chizindikiro cha pa boneti, pali nyenyezi zisanu ndi imodzi, zisanu zazing'ono ndi imodzi yaikulu. Subaru ndi dzina la Chijapani la kagulu ka nyenyezi kamene Azungu amati Pleiades, ndipo m'Baibulo lathu lakale la Chichewa kamatchedwa Nsangwe. Ndiye aise, ngati uli ndi Subaru, ukuyendetsa Nsangwe.

Galimoto yoyamba yomwe anagulitsa mwaunyinji, mu 1958, mukanaiona mukanaseka. Subaru 360 inali kagalimoto kozungulira ngati kachikumbu, injini kumbuyo, ya 356cc basi. Phatikizani njinga zitatu za kabaza za 125cc, mwaipitirira kale. Koma inkanyamula anthu anayi, ndipo banja wamba la ku Japan, lomwe linali likudzuka kumene ku umphawi wa nkhondo, linkatha kuigula. Subaru inayamba ngati Mira ya nthawi imeneyo, galimoto ya munthu wongoyamba kumene.

Zinthu ziwiri zomwe zimapangitsa Subaru kukhala Subaru zinabwera pambuyo pake. Choyamba ndi injini ya boxer, yomwe inayamba mu 1966 ndi Subaru 1000. M'magalimoto ambiri mapisitoni amaima chilili, kukwera ndi kutsika. Mu boxer amagona chammbali, ena kumanja ena kumanzere, n'kumakankha moyang'anizana ngati anthu a nkhonya. Injini yogona choncho imakhala pansi, ndiye galimoto sipendekeka kwambiri pokhota.

Chachiwiri ndi kukoka ndi matayala onse anayi. Apa mpamene mbiri imandisangalatsa. Amene anapempha zimenezi sanali anyamata ampikisano ayi. Inali kampani yamagetsi ya kumpoto kwa Japan, Tohoku Electric Power, tinene kuti ESCOM ya kumeneko. Antchito ake ankafuna galimoto yowafikitsa ku mawaya a m'mapiri nthawi ya sinowo, koma yosavutitsa thupi ngati jipi. Zotsatira zake zinali Leone 4WD ya mu 1972. Mwachidule, mphamvu ya Subaru inabadwira pa msewu woipa, pothandiza munthu wopita ku ntchito.

Nanga dzina la liwiro linachokera kuti? Mu 1988 kampaniyi inatsegula nthambi ya mipikisano, Subaru Tecnica International, kumene kunachokera zilembo za STI zomwe mafana amamata pa buti. Kenako inagwirizana ndi kampani ya ku Britain yotchedwa Prodrive n'kulowa mwamphamvu mu World Rally Championship, mpikisano wothamangira m'misewu yafumbi, yamatope ndi yasinowo. Malamulo a nthawiyo ankati galimoto yampikisano ichokere ku galimoto yomwe anthu wamba angagule, ndipo kampani ipange masauzande angapo. Ndi chifukwa chake Impreza WRX, yomwe inatuluka mu 1992, inali ya zitseko zinayi ngati ya bambo wa pabanja, koma ndi turbo pansi pa boneti.

Colin McRae wa ku Scotland anakhala katswiri wapadziko lonse mu 1995 ali ndi zaka 27, akuyendetsa Impreza. Subaru inatenga chikho cha makampani zaka zitatu zotsatizana, 1995, 1996 ndi 1997. Richard Burns anapambananso mu 2001, Petter Solberg wa ku Norway mu 2003. Mtundu wa buluu uja, womwe aliyense wa Subaru amaulakalaka, unadziwika ndi manambala achikasu 555 m'mbali. Imeneyo sinali nambala ya mpikisano. Linali dzina la ndudu, State Express 555, zomwe eni ake ankalipirira timuyo. Ife amene timaona mabelo a fodya akulowa ku okushoni ku Kanengo tikudziwa kuti ndalama ya fodya imafika kutali. Kumapeto kwa 2008, chuma cha dziko lonse chitasokonekera, Subaru inachoka mu mpikisanowo. Dzina lokha ndi lomwe linapitiriza kuthamanga.

Kuno ku Africa dzinali linamangidwira ku Kenya, pa Safari Rally. McRae anapambana Safari ya 1997 ndi Impreza, Burns ya 2000. Mkenya Patrick Njiru anathamanga ndi Subaru kwa zaka zambiri, ndipo anthu akuda anaona mnzawo ali pa chiwongolero cha galimoto yomwe ankangoiona ndi Azungu. Kwa anansi athu ku Zambia, Muna Singh anatenga chikho cha Africa mu 2004 ndi 2005 ali mu Impreza.

Ku Lilongwe Subaru sinafike ndi chikho. Inafika pa sitima, itagwira kale ntchito. Ku Japan kuli lamulo lopimitsa galimoto lotchedwa shaken: koyamba ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo si zotchipa. Ambiri amaona kuti bola kugulitsa yakaleyo. Poti Japan imayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, magalimoto awo amatikwana osasintha kanthu. Makampani ogulitsa pa intaneti, monga Be Forward yomwe inayamba mu 2004, atafalikira, munthu wa ku Area 25 anayamba kusankha galimoto pa foni. Imatsika pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa pa chipata cha Songwe pomwe a MRA amawerengera msonkho poona kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kenako Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu, Chikangawa, Jenda, Kasungu, mpaka Kanengo. Ambiri amene anakaitenga okha amati chikondi chinayambira pa makhona a Chiweta, pomwe galimoto imamatirira pa phula ngati nkhupakupa pa ng'ombe.

Msuweni wanga wa ku Chinsapo ali ndi Forester yakale, yopanda turbo, ekizozi yake yomwe inabwera nayo. Forester inayamba kupangidwa mu 1997, ndipo ndi yokwera bwino pansi. Iye za McRae alibe nazo ntchito. Chimene amayamikira ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene kamsewu kochoka pa msewu wa Likuni kupita kwawo kamasanduka phala. Ma Vitz ndi ma Sienta amagona ku phula, eni ake n'kutsika ndi nsapato m'manja. Iye amalowa mpaka pa geti. Usiku wina mvula ikukhuthuka, oyandikana naye anamugogodera chifukwa mayi wa pa nyumbapo matenda anali atayamba. Panalibe galimoto ina yomwe ikanatuluka mu mzere umenewo. Anawafikitsa ku Bwaila, ndipo mwanayo pano ali ku sukulu ya mkaka. Nditakwera naye m'matope tsiku lina, ndinamva ndekha: matayala akutsogolo akaterereka, akumbuyo amakankha, galimoto n'kumangopita mwakachetechete.

Mnzanga wina wa ku Area 25 anagula WRX ya turbo. Zoona ndinene, kukoma ilipo. Tikupita ku Salima, akaponda pang'ono pamakhala kabata, kenako turbo ikadzuka msana umamatirira ku mpando, mitengo n'kuyamba kuthamangira kumbuyo. Koma turbo imamwa. Ku Japan injini zimenezi zinapangidwira petulo wapamwamba, pomwe kuno pa pampu pali petulo wamtundu umodzi, umwe usamwe ndi yemweyo. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lita ya petulo inafika pa K2,530 ndipo mtengo wa masipeya unakwera kawiri. Pa mizere ya mafuta ija, iye ankagona m'galimoto usiku wonse kuti apeze malita omwe amatha masiku atatu. WRX inakhala miyezi itafundira tenti kuseri kwa nyumba, kenako anaigulitsa. Pano amayenda pa Mira, ndipo akamva Subaru ikudutsa amasiya kaye kulankhula.

Makaniko wina wa ku Biwi, komwe galimoto iliyonse ya mumzinda muno imakathera tsiku lina, anandiuza kuti Subaru siifa yokha, timaipha ndife. Anawerenga ndi zala. Galimoto yokoka ndi matayala anayi imafuna matayala onse ofanana kukula ndi kutha kwake, koma ife timagula limodzilimodzi la kaunjika, lina lalikulu lina laling'ono, mpaka zitsulo zogawa mphamvu pakati zimadyeka. Oyilo timadikira ade ngati phula, pomwe turbo imafuna woyera. Lamba wa taimingi wa injini zakale za EJ amafunika kusintha akayenda makilomita pafupifupi 100,000, ife timadikira aduke. Zatsopano za giya ya CVT zili ndi oyilo wakewake, wina n'kuthiramo wa otomatiki wamba. Ngakhale kusintha mapulagi kumafuna munthu wodekha, chifukwa pa injini yogona amabisala m'mbali.

Anandiululiranso chinsinsi cha phokoso lija. Pa ma Subaru akale, mapaipi a utsi ochokera mbali ziwiri za injini sanali ofanana kutalika, ndiye utsi unkafika mosiyana nthawi, n'kumamveka du-du-du. Kuyambira pa Legacy ya 2003 kampani inayamba kuwafananitsa kuti injini izipuma bwino, ndipo kulirako kunayamba kuzilala. Ma Impreza ambiri omwe akudzaza tauni ndi a 1.5 kapena 1.6, ndipo ochuluka amakoka ndi matayala akutsogolo okha, ngati Corolla. Mfana amangowotcherera chiekizozi chachikulu, n'kumata STI kumbuyo. Phokoso lagulidwa ku Biwi, koma matayala anayi aja mulibe.

Kumata sitika si mlandu, aliyense amakongoletsa chake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi phazi lomwe limatsatira sitikayo. Pali chinthu chimodzi chomwe woyendetsa Subaru aliyense ayenera kuchidziwa: kukoka ndi matayala anayi kumathandiza ponyamuka ndi pokwera, koma poima sikuthandiza. Galimoto iliyonse ili ndi mabuleki pa matayala anayi. Subaru imakunamiza kuti msewu wagwira, ndiye umafika pa khona ndi liwiro lomwe pa Vitz ukanaopa, koma mwana akatulukira, mtunda woimira ndi womwewo kapena kuposa.

McRae ankathamanga atavala chisoti, atamangidwa malamba, mkati mwa galimoto muli zitsulo zomutchinga ikagubuduzika, pambali pali mnzake womuwerengera khona lililonse asanalifike. Safari yakale, yomwe inkachitikira m'misewu ya anthu onse, matimu ankalemba helikopita yoti iziona ng'ombe ndi mabasi kutsogolo. Mpikisanowo unachotsedwa pa ndandanda ya dziko lonse itatha ya 2002, ndipo unabwereranso mu 2021 uli wa m'misewu yotsekedwa cha ku Naivasha. Nanga iwe pa bypass usiku, kapena pa msewu wa Chidzanja, helikopita yako ili kuti? Kutsogolo kwako kuli wakabaza wopanda nyali, mayi wosenza makala, ana a ku Mgona akuwoloka kupita ku sukulu, bambo wochokera ku shifiti ya usiku ku Kanengo. Palibe mmodzi wa iwo analembetsa mpikisano.

Kampani ija mu 2017 inasintha dzina kukhala Subaru Corporation, ndipo pano Toyota ili ndi gawo la pafupifupi 20 peresenti mmenemo. Magalimoto omwe imagulitsa kwambiri masiku ano ndi Forester, Outback ndi Crosstrek, ija timaidziwa kuti XV, ndipo ogula ambiri ndi mabanja a ku America okhala kumene kumagwa sinowo. Yabwerera kumene inayambira, kufikitsa munthu kunyumba pa msewu wovuta.

Ngati mukusunga ndalama kuti mugule yanu, ine sindikuletsani. Misewu ya m'makwalala mwathu muno ndi yomwe galimotoyi inapangidwira. Ingowerengerani kaye matayala anayi ofanana, oyilo wabwino ndi petulo wa mwezi wathunthu musanatumize ndalama ku Japan. Onetsetsani pa pepala kuti ndi ya AWD ngati mukufuna ya m'matope. Ndipo ikafika, anthu a mu mzere wanu akudziweni monga amamudziwira msuweni wanga, kuti ndinu amene amagogoderedwa usiku mvula ikamagwa.